Kumbuyo Kukulira: Mafunso ndi Mayankho pa Mabuleki a Njinga Yamoto ya Matayala Atatu

Chipata ndi mzinda wa njinga. Kale zinali zakapalasa zokhazokha, mpaka zinali ndi fakitale yake ya Luangwa Industries. Kenako kunabwera zamoto za matayala awiri, ndipo lero kwadzanso za matayala atatu, za bokosi kumbuyo, zomwe zimatuta matumba, makala, njerwa ndi migolo ya madzi pakati pa Kapata, Saturday Market, Down Shops ndi midzi yozungulira. Zambiri mwa izi zimapangidwa ku China. Palinso abale ake a denga onyamula anthu, monga Bajaj RE ndi TVS King a ku India, omwe afala kwambiri ku Tanzania ndi ku Mozambique. Zonsezi zili ndi dandaulo limodzi lomwe eni ake amabwera nalo kwa amakaniko kawirikawiri, lakuti kumbuyo kukulira. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amatsatira dandaulolo.

Njinga yanga yayamba kulira kumbuyo. Ndingopita kukagula mashuu a mabuleki atsopano?

Dikirani kaye, achimwene. Mashuu amatha, inde, koma pa njinga zamtunduwu nthawi zambiri amakhala kuti aphedwa ndi china: fumbi, oyilo wa mu difu ya pa ekiselo yakumbuyo, kutentha kobwera ndi katundu wopyola muyezo, kapena kumanga mbali imodzi kuposa inzake. Mukaika atsopano osachotsa chomwe chinapha akalewo, pakatha milungu ingapo mudzapezeka mwaimanso pa kauntala ya sitolo yomweyo. Wogulitsa sadzakukanizani.

Ntchito yoyamba ndi ya makutu. Tsitsani katundu, pezani msewu wosalala wopanda magalimoto ambiri, muyende pang'onopang'ono. Kodi phokosolo limabwera pokhapokha mwaponda buleki, kapena lilipo ngakhale phazi lili kutali ndi pedulo? Limabwera n'kupita motsatira kuzungulira kwa tayala, kapena ndi losadukiza? Limasintha mukakhota? Nanga mukachepetsa moto? Pemphani mnzanu ayende wapansi m'mbali mwa njinga, choyamba kumanja kenako kumanzere, chifukwa inu mwakhala kutsogolo ndipo bokosi lachitsulo limamwaza phokoso moti simungadziwe tayala lomwe likudandaula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiye phokoso lililonse lili ndi tanthauzo lake?

Kwambiri. Kulira kwa tswiii, kosongoka, kobwera mukaponda pang'ono n'kuzimiririka mukaponda mwamphamvu, kawirikawiri ndi fumbi kapena lainingi yomwe yapsa pamwamba n'kuyamba kunyezimira. Lainingi ndi chomata chija chili pa shuu, chimene chimakhudza dilamu. Ikapsa imagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya, kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo dilamu imanjenjemera n'kulira. Kumakwiyitsa, koma mungathe kumaliza ulendo wa tsikulo.

Khwaaa wokhakhala, womveka mpaka kuphazi, ndi chitsulo pa chitsulo. Lainingi yatha, kapena yamatuka, kapena mitu ya maliveti yatulukira ndipo ikulima mizere mkati mwa dilamu. Pamenepa kilomita iliyonse ikukudyerani dilamu, yomwe mtengo wake umaposa wa mashuu kutalitali.

Khwe, khwe, khwe wotsatira kuzungulira kwa tayala ali pawiri. Ngati akumveka musanaponde, kayikirani mbale yachitsulo imene mashuu amakhalapo: ikapindika imakhudza mlomo wa dilamu pamalo amodzi. Mwinanso kamwala kalowa, kapena sipulingi yaduka ndipo ikugubuduka mkatimo. Ngati akumveka pokhapokha mwaponda, pedulo n'kumakankha phazi lanu mobwerezabwereza, dilamu yapindika ndipo siikuzungulira mofanana.

Gu! kamodzi kokha, poyamba kuponda, makamaka mukasintha kuchoka poyenda kutsogolo n'kuyamba kubwerera, ndi chinthu chomasuka. Yambani ndi manati a tayala, poti ndiwo osavuta kuona komanso oopsa kuposa zonse. Kenako mabawuti a mbale ija, timapini togwira mashuu, ndi mabawuti okhota omangirira ekiselo ku masipulingi onyamula bokosi. Amenewa akamasuka, ekiselo yonse imagwedezeka mukaponda buleki, ndipo anthu amanamizira mashuu.

Wuuu wosadukiza, wokula ndi liwiro, si wa mabuleki ayi. Akamakula mukakhotera mbali imodzi, ndi beringi ya tayala. Akamasintha mukawonjezera kapena kuchepetsa moto, ndi magiya a mu difu. Komabe musati ndi nkhani ina, chifukwa beringi yotha imagwedeza dilamu ndiponso imawononga sili yotchinga oyilo, ndipo posakhalitsa vutolo limafika pa mashuu.

Bwanji nthawi zonse kumakhala kumbuyo? Pa njinga yanga yakale ya matayala awiri sizinali choncho.

Pa ya matayala awiri, mukaponda buleki kulemera kumathamangira kutsogolo, ndipo tayala lakutsogolo ndilo limagwira ntchito yaikulu. Ya matayala atatu ikasenza, katundu amakhala pamwamba penipeni pa ekiselo yakumbuyo, choncho madilamu awiri akumbuyowo ndiwo amaimitsa pafupifupi zonse.

Komanso buleki ya dilamu ndi yotsekeka. Kapangidwe kake n'kakale, Louis Renault wa ku France anali nako kale mu 1902, ndipo sikanasinthe kwenikweni: mashuu awiri okhota amatambasukira kunja n'kukanikiza mkati mwa dilamu yozungulira ndi tayala, phazi likachoka masipulingi amawabweza. Ubwino wake ngwakuti ndi yotsika mtengo, yosavuta kukonza, ndipo imagwira bwino handibuleki. Kuipa kwake ngwakuti cholowa sichituluka msanga. Fumbi lofiira la m'njira za ku Chipangali, Kasenengwa kapena Vubwi m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala likalowa limakhazikika momwemo, n'kusakanikirana ndi fumbi la lainingi yomwe ikuperesekayo. Kutentha nakonso kumachedwa kutuluka.

Ndinatsegula n'kupeza mashuu ali noninoni, akuda bii. Zachokera kuti?

Apa ndiye pagona nkhani ya njinga zambiri za bokosi. Mphamvu ya injini imadutsa mu shafuti kupita mu difu, ndipo kuchokera mu difu zitsulo ziwiri zimapita ku matayala kudzera m'mipope ya ekiselo. Mu difu muli oyilo, ndipo chomuletsa kufika ku mabuleki ndi kasili ka labala kumapeto kwa mpope uliwonse. Kasiliko kakatha, oyilo amatsetserekera m'dilamu.

Nunkhizani. Oyilo wa difu ndi wolemera ndipo amanunkha salufa, fungo losaiwalika. Ngati njinga yanu ndi ya mabuleki oyendera mafuta, monga Bajaj RE, TVS King ndi za bokosi zikuluzikulu, chonyowetsacho chingakhale mafuta a mabuleki ochokera mu silinda ya ku tayala. Iwo ndi opepuka, amasungunuka m'madzi ndipo amasupula penti. Tukulani kalabala kophimba kumapeto kwa silindayo. Ngati mkati mwanyowa, yatha, ndipo mukaona m'kabotolo ka mafutawo mupeza atsika.

Anthu ambiri amaganiza kuti shuu ya oyilo imangoterera. Imaterera, koma ikasakanikirana ndi fumbi imachitanso zosiyana: imamata, n'kugwira mwadzidzidzi, kunjenjemeretsa njinga ndi kulira mobuula. Lero yaterera, mawa yagwira mopitirira, ndipo mbali inayo ikugwira mwa masiku onse. Njinga yotere simungaidalire pa mphambano.

Kusintha sili kokha sikukwanira. Funsani chomwe chinaipha. Choyamba ndi beringi: kwezani tayala, muligwire pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Likamasewera, sili yatsopano sikhalitsa. Chachiwiri ndi oyilo wochuluka. Muyezo wake ndi pakamwa pa bowo lothirira la m'mbali mwa difu, njinga itaima pamalo osapendekera. Ena amaipendeketsa dala kuti alowe wambiri poganiza kuti akuikomera mtima. Chachitatu, chomwe ambiri sachidziwa n'komwe, ndi kabowo kopumira kamene kali pamwamba pa difu kapena pa mpope wa ekiselo. Difu ikatentha mpweya wa mkati umafufuma ndipo umayenera kutuluka. Matope a dzinja akatseka kabowoko, mpweya umakankha oyilo kudutsa pa sili, ngakhale ili yatsopano. Kawaya ndi kansanza zimathetsa vuto lomwe ena asinthira masili kangapo.

Amalume anga amati mashuu otere ungowatsuka ndi petulo n'kuwawamba pamoto. Zoona?

Amalume akunena zomwe ambiri amachita, koma musatsatire. Lainingi imamwa oyilo mpaka mkati. Petulo amayeretsa pamwamba pokha, ndipo ikangotentha pamtsetse oyilo amatulukanso. Moto umafooketsa guluu womatira lainingi ku chitsulo, ndipo lainingi ikamatuka njinga ikuyenda imatha kupanikizika pakati pa shuu ndi dilamu n'kumanga tayala limodzi nthawi yomweyo. Dilamu ndi mbale tsukani, poti ndi zitsulo. Mashuu tayani, ndipo musinthe mbali zonse ziwiri ngakhale inayo ikuoneka yabwino.

Ndikufuna kutsegula ndekha. Ndiyambire pati?

Pamalo olimba, osapendekera. Tchingani tayala lakutsogolo mbali zonse, masulani manati pang'ono njinga ikadali pansi, kwezani ndi jeke, kenako muikhazike pa zipika zamtengo zolimba. Njerwa ayi, zimaphwanyika osachenjeza, ndipo jeke yekha si wokhulupirira mutu wanu uli pansi pa bokosi. Tsitsani handibuleki ndipo mubweze nati yomangira mabuleki kuti mashuu asiye dilamu.

Dilamu ikakana kutuluka, nthawi zambiri ndi chifukwa chakuti yadyeka mkati n'kusiya kamlomo m'mphepete komwe kakukola mashuu. Bwezaninso chomangira, gogodani mozungulira ndi hamala kudzera pa kamtengo. Ena mwa madilamu ali ndi timabowo ta mazinga tolowetsamo mabawuti awiri okankhira. Chimene simuyenera kuchita ndi kulowetsa chitsulo pakati pa dilamu ndi mbale n'kumakanula. Mbale ndi yopyapyala, ipindika, ndipo mudzakhala mwadzipangira nokha khwe, khwe, khwe yemwe kunalibe.

Musanachotse sipulingi ngakhale imodzi, jambulani ndi foni. Malizani mbali imodzi musanaphwasule inayo, kuti mukasokonezeka mukhale ndi poonera.

Tsono fumbi lomwe mupezemo musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi kompuresa, monga amachitira m'magalaja ambiri. Kwa zaka zochuluka lainingi inkapangidwa ndi asibesitosi, mwala waulusi uja unkakumbidwa ku migodi ya Shabanie ku Zvishavane ndi Gaths ku Mashava m'Zimbabwe, kumene anthu ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Zambia kuno anakagwira ntchito. Bungwe la World Health Organization limati mitundu yonse ya asibesitosi imayambitsa khansa, ndipo South Africa inamuletseratu mu 2008. Koma si mayiko onse anamuletsa, ndipo shuu yobwera m'kapulasitiki kopanda dzina simungaidziwe ndi maso kuti muli chiyani. Matenda ake amaoneka patapita zaka makumi angapo, n'chifukwa chake anyamata a pa galaja amaseka mukawauza. Nyowetsani ndi madzi a sopo, pukutani ndi nsanza yonyowa, nsanzayo muitaye, ndipo muvale chotchinga pamphuno.

Ndatsegula. Ndiyang'ane chiyani?

Yezani lainingi pamalo pomwe yapyapyala kwambiri, osati pomwe yanenepa. Mabuku ambiri a njinga amaika malire pakati pa mamilimita 1.5 ndi 2. Ngati ndi ya maliveti, muyezo ndi kuchokera pamutu pa liveti kufika pamwamba. Musadabwe kuona shuu imodzi itadyeka kuposa inzake m'dilamu yomweyo. Pa mabuleki ambiri otere shuu imodzi imakokeredwa m'dilamu ndi kuzungulira kwa tayala, motero imagwira kwambiri ndi kutha msanga. Chodetsa nkhawa ndi pamene tayala lakumanja latha koma lakumanzere likadali latsopano.

Ngati lainingi ikadali yonenepa, youma, koma ikunyezimira, ikwecheni ndi sandipepa wa nambala 80 kapena 120, monyowetsa, mpaka kunyezimirako kuchoke. Chitani chimodzimodzi mkati mwa dilamu. Yendetsani chikhadabo m'dilamumo: timizere tosaya tilibe kanthu, koma mizere yokola chikhadabo, mawanga abuluu a kupsa, kapena mng'alu, ndi nkhani ina. Ya mng'alu itayeni osakambirana. Ya mizere kapena yopindika angathe kuisema pa makina osemera zitsulo, malinga isapyole kukula komwe kumaloledwa, komwe pa madilamu ambiri kunadindidwa pa chitsulo pomwepo. Dilamu yosemedwa mopitirira imatentha msanga n'kufufuma, kuthawa mashuu.

Masipulingi obweza mashuu anthu amawanyalanyaza chifukwa ndi aang'ono. Akachita dzimbiri, akatanuka kapena kusintha mtundu ndi kutentha, sabweza mashuu mokwanira, ndipo mashuuwo amakhala akukhudza dilamu ulendo wonse. Ndi otsika mtengo. Sinthani pamodzi ndi mashuu.

Pa njinga za rodi kapena kebulo pali kachitsulo kophwatalala kotchedwa kamu, komwe kamapotoka n'kukanula mashuu. Katsinde kake kamadutsa m'mbale, ndipo madzi ndi fumbi zimakaumitsa. Kankhani kamkono kake ndi dzanja: kayenera kubwerera kokha msanga. Kakamachedwa, katulutseni, mukakweche dzimbiri, mupake gilizi wopirira kutentha. Gilizi akhale wochepa zedi, pa katsindeko, pa pini yomwe mashuu amatsamira, ndi pa timalo tokwera ta pa mbale pomwe m'mphepete mwa shuu mumakhudza. Timalo timeneti tikauma timalira tokha, kwii, ngakhale njinga itaima inu n'kumaponda pedulo.

Kodi kuthira ka oyilo pang'ono m'dilamu sikungathetse kulirako?

Kuthetsa, pamodzi ndi mabuleki omwe.

Ndinaika mashuu atsopano dzana, koma ikulirabe. Anandigulitsa achinyengo?

Mwina, koma musawaweruze msanga. Shuu yatsopano inakhotetsedwa molingana ndi dilamu yatsopano, pomwe yanu yakula ndi kudyeka. Choncho imakhudza pakati pokha kapena kumapeto kokha, ndipo malo ochepa onyamula mphamvu yonse amalira ndi kupsa. Njira yodziwira ndi ya choko cha kusukulu. Lembani mizere pa lainingi yonse, bwezerani dilamu, zungulitsani tayala mnzanu akuponda buleki pang'ono, kenako tsegulani. Pomwe choko chafufutika ndi pomwe pakukhudza. Kwechani pang'ono malo okwerawo, mubwereze mpaka mbali yaikulu ya lainingi izifufutika. Kumapeto konse kwa lainingi peresani ndi fayilo kuti kukhale kotsetsereka m'malo mwa kona yakuthwa. Kamlomo kam'mphepete mwa dilamu nako kachotseni, chifukwa shuu yatsopano imakakwera.

Kenako mashuu azolowerane ndi dilamu. Popanda katundu, yendani pa liwiro la makilomita 30 pa ola, pondani modekha mpaka pafupi kuima, yendaninso kuti azizire, mubwereze kokwana khumi kapena kuposerapo. Amene amaika mashuu m'mawa, masana n'kusenza njerwa kutsika nazo phiri, amawapsereza tsiku loyamba lomwelo. Pakatha masiku angapo mudzafunika kumanganso, chifukwa akakhazikika pedulo imatsika.

Kumanga mabuleki si kungopotokola nati mpaka pedulo italimba?

Pa ya matayala awiri mungatero, chifukwa kumbuyo kuli dilamu imodzi. Pano alipo awiri, ndipo ayenera kuyamba kugwira nthawi imodzi, ndi mphamvu yofanana. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe pamabadwira phokoso lambiri, ndiponso ngozi zambiri zomwe anthu amati zangochitika.

Taganizani. Ngati lakumanja lamangidwa kwambiri, ndilo lokha likuimitsa njinga ndi katundu wake. Limatentha, limapsa, limalira, limatha msanga, pomwe lakumanzere likungotsatira. Mwini njinga amasintha mashuu akumanja okha poti ndiwo atha, ndipo kusiyanako kumangokula. Tsiku lomwe mwana adzadutse pamsewu mwadzidzidzi inu n'kuponda ndi mphamvu zonse, njinga idzakokera mbali imodzi. Galimoto ili ndi tayala pa ngodya iliyonse loichirikiza. Njinga iyi kutsogolo ili ndi limodzi lokha pakati, moti ikapotoka itasenza katundu wautali, kugubuduzika sikuchedwa. Pachifukwa chomwecho, chepetsani liwiro musanalowe m'kona, osati muli kale mkati.

Kamangidwe kake nkotere. Kwezani matayala onse awiri akumbuyo, giya ili pa fulii. Mangani mbali imodzi mpaka tayala litayamba kulimba polizungulitsa ndi dzanja, kenako bwezani pang'onopang'ono mpaka lizizungulira momasuka, kukhudza kukhale kongomveka patalipatali. Pondani pedulo kangapo kuti mashuu akhale pakati, muyesenso. Chitani chimodzimodzi mbali inayo. Tsopano mnzanu aponde pedulo pang'ono n'kuigwira pomwepo, inu muyese matayala onse ndi manja: kulimba kwake kufanane. Pedulo isiyireni mpata woyenda isanayambe kugwira, pa njinga zamoto zambiri umakhala mamilimita 20 mpaka 30. Mpatawu ndi wofunika kwambiri pa za rodi, chifukwa katundu akalemera masipulingi amaphwa, ekiselo imasuntha, ndipo rodi yomangidwa mothina imakoka mabuleki yokha. Ndiyo njinga ija imakhala chete ikakhala yopanda kanthu koma n'kumalira ndi kununkha ikasenza.

Mayeso omaliza ndi a pafumbi. Pamalo athyathyathya opanda anthu, yendani pang'ono, pondani mwamphamvu, tsikani mukaone mikwasa. Iyenera kukhala iwiri, yoyambira pamzere umodzi, yotalika mofanana. Mukayendanso kilomita imodzi kapena ziwiri osaponda buleki, yandikizani dzanja ku madilamu osawakhudza. Yotentha ikukhudza, ibwezeni.

Chenjezo lina ndi la kamkono ka kamu. Mukaponda mpaka pansi, kamkonoko ndi rodi zipange ngodya yosapitirira madigiri 90. Zikapitirira, ndipo nati yafika kumapeto kwa mazinga, mashuu atha. Pali chizolowezi chozula kamkono n'kukabwezera mano angapo kumbuyo, kapena kukulunga kachidutswa ka chitini kumapeto kwa shuu kuti iyambenso kugwira. Zimagwiradi kwa kanthawi. Koma kamu ikapotoka mopyola imatha kuima chopingasa pakati pa mashuu n'kukana kubwerera, tayala n'kumangika pakati pa msewu.

Yanga imakhala bwino m'tauni, koma ndikatsika mtsetse wautali nditasenza imalira, imanunkha, pedulo n'kulowa pansi.

Kumeneko ndi kutentha. Buleki imaimitsa njinga posandutsa kuyenda kukhala kutentha, ndipo masamu ake ndi ankhanza. Liwiro likawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Mtsetse ndiye woposa: kutsika mamita 100 a kutalika kwa phiri mutadalira mabuleki okha kumatulutsa kutentha kofanana ndi kuima kokwana pafupifupi 16 motsatizana kuchokera pa liwiro la makilomita 40 pa ola. Chipata ili pamwamba, kupitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Mfuwe ili pafupifupi theka la pamenepo, choncho wopita ku chigwa cha Luangwa ali ndi zotsika zambiri. Ngakhale m'tauni momwemu, nyumba zakwera m'mapiri, ndipo wotuta mchenga ndi miyala amatsika kangapo patsiku.

Onjezani katundu. Nthawi yokolola, matumba khumi a makilogalamu 50 opita ku depoti ya Food Reserve Agency ndi theka la tani kale, musanawerenge njinga, inu, ndi mwini chimanga yemwe wakhala pamwamba pa matumba. Ndi angati amalekera pa khumi? Muyezo wa njinga yanu uli pa kachitsulo ka fakitale kapena m'buku lake, ndipo mabuleki anapangidwira muyezo umenewo, ngakhale injini itakhala kuti ikukoka zoposa.

Dilamu ikatentha imafufuma n'kutalikira mashuu, ndiye pedulo imatsika. Lainingi ikapsa imaleka kugwira. Pa za mabuleki oyendera mafuta pali vuto lachitatu. Mafuta a DOT 3 atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, a DOT 4 madigiri 230, koma mafutawa amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akakalamba amatha kuwira pa 140 kapena 155. Akawira, m'mipope mumakhala nthunzi, pedulo imafika pansi popanda chogwira. Asintheni pakatha zaka ziwiri, muthire a mtundu womwe walembedwa pa chivindikiro, ochokera m'botolo lotseka. Oyilo wa injini asayandikire m'menemo, amatupitsa malabala onse.

Mankhwala a mtsetse ndi giya. Lowetsani yotsika musanayambe kutsika, yomwe mukanakwera nayo phiri lomwelo, injini igwire njinga. Buleki pondani mwamphamvu pang'ono n'kusiya, osati kugoneka phazi pa pedulo njira yonse. Kuzimitsa injini kapena kuika pa fulii pofuna kupulumutsa petulo kumasiyira madilamu ntchito yonse. Mukamva fungo la kupsa, imani pamalo abwino, tchingani matayala ndi miyala m'malo mokoka handibuleki, mudikire. Musathire madzi pa dilamu yotentha, imapindika.

Nanga m'dzinja? M'mawa uliwonse imalira ndikangonyamuka.

Ngati kulirako kukutha mutaponda katatu kapena kanayi, ndi kadzimbiri ka usiku, musavutike nako. Walira mvula walira matope. Chofunika ndi pamene mwawoloka madzi ofika pa ekiselo, kapena mwatsukira njinga mumtsinje: mabuleki amakhala kulibe kwa kanthawi. Yendani pang'onopang'ono mutaponda mopepuka mpaka aume, musanalowe mumsewu waukulu. Musaigoneke yonyowa handibuleki ili yokoka, mashuu amamatirira ku dilamu. Ndipo mvula ikatha, cha mu Epulo kapena Meyi, tsegulani muchotse matope ouma ntchito yotuta zokolola isanayambe. Difu ikamira, onaninso oyilo wake. Akaoneka wotuwa ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi.

Mashuu abwino ndingawadziwe bwanji? Ndipo kumatitsa lainingi pa akale kuli bwino?

Nyamulani akalewo popita kusitolo. Njinga za bokosi zimabwera ndi mayina ambirimbiri, ndipo ziwiri za dzina limodzi zimatha kukhala ndi ekiselo zosiyana, moti kutchula dzina la njinga kokha sikuthandiza. Gundanitsani chakale ndi chatsopano: kukhota, mulifupi, mabowo a masipulingi, ndi mapeto okhudza kamu kapena silinda. Onani ngati lainingi yamatidwa mowongoka popanda mpata m'mphepete. Zida zimafika kuno kuchokera ku Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 550 pa Great East Road, ndipo ena amadutsa pa Mwami kukafuna ku Lilongwe komwe kuli pafupi. Kulikonseko zabwino ndi zachabechabe zimagulitsidwa pa shelefu imodzi. Lainingi youma gwa imakhalitsa, ndipo ogula amaitama, koma imalira ndi kudya dilamu. Kuli bwino yofewerapo yomwe imatha yokha.

Kumatitsa kulibe vuto ngati akuchita ndi anthu a ntchito imeneyo, okhala ndi guluu wake wowotcha mu uvuni kapena maliveti ofewa a mkuwa kapena aluminiyamu, omira bwino mkati mwa lainingi. Guluu wa m'timachubu ta pa okala ndi misomali yodula si za pa mabuleki.

Ndi liti pomwe ndiyenera kuimika njinga osayendanso, ngakhale kasitomala akudikira?

Pamene mwamva chitsulo pa chitsulo. Pamene njinga ikukokera mbali imodzi mukaponda. Pamene pedulo ikutsika yokha mutaigwira, kapena ikufuna kupopa kawiri isanagwire. Pamene mwaona oyilo kapena mafuta akuyenderera mkati mwa tayala, kapena dilamu imodzi ikutentha musanaigwiritse ntchito. Komanso pamene phokoso lomwe munalizolowera lasiya lokha mwadzidzidzi pedulo n'kusintha kamvekedwe, chifukwa mwina chomwe chinkalira chija chathothoka.

A Road Transport and Safety Agency, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la 2002, amayang'ana mabuleki poyeza ngati chokwera chili choyenera kuyenda pamsewu, koma kuyezako kumabwera patalipatali, pomwe njinga yotuta katundu tsiku ndi tsiku m'fumbi imafuna kumangidwa mabuleki pafupipafupi ndi kutsegulidwa madilamu kangapo pachaka. Ngati njingayo si yanu, mwangolembedwa ntchito yoyendetsa, auzeni abwana tsiku lomwelo, ndipo muwatengere pa njingapo adzimvere okha. Akanena kuti mumalize kaye katundu wa lero, apempheni kuti mugawe maulendo awiri, mudutse njira yopanda mtsetse, ndipo mawa m'mawa iyambire kwa amakaniko.